Nkhono za m'dziwe la Bwana

Ku Nkope anthu ankaiseka ntchito ya Che Dinala. Munthu wamkulu wa ndevu zake kumalawirira kukasesa madzi! Nyanja ili pomwepo, poti ukaponya mwala ugwera m'madzi, koma azungu a kampani ina ya tiyi anaona kuti siikwanira. Anakumba dzenje kuseri kwa koteji yawo, nalimata simenti, nalidzaza madzi a pachitsime cha injini kuti azisambiramo, kenaka n'kufuna munthu wolisamala. Munthuyo anali Dinala Jaffalie, msodzi amene mphepo ya mwera inali itangomuswera bwato. Chinali chaka cha 1966, ndipo anamupatsa kanyumba ka zipinda ziwiri mkati mwa mpanda momwemo.

Ntchitoyo anaiphunzira ndi maso, pakuti sukulu yawo inali ya madarasa a kumzikiti basi. Akachoka ku swala, pemphero la m'mawa la Asilamu, ankayamba ndi kuwola masamba a mkuyu ndi kaukonde komangirira kunsungwi. Kenaka ankakwecha makoma ndi burashi, kuyambira kozama kumalizira kosaya, osaiwala m'makona momwe ndere zimayambira. Akayatsa pampu ankatchera khutu. Ikalira mosasa mawu ankadziwa kuti mchenga wa m'sefa wadzaza litsiro, ufunika kutsuka. Klorini, ufa woyera wonunkha uja wopha tizilombo m'madzi, ankamuyeza ndi kachitini ka mkaka. Madontho oyezera madzi akatha iwo sankadandaula. Ankatapa madzi m'dzanja, n'kulawa, n'kulavula, ndipo lilime linkawauza ngati mankhwala achepa kapena achuluka. Oseka ankaseka, koma zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri zinatha popanda mwana wotuluka m'dziwemo ndi maso ofiira kapena zotupa pakhungu.

Chimene Che Dinala ankadana nacho kuposa ndere chinali nkhono, ndipo chifukwa chake chinali m'thupi mwawo. Kunyanja kuno mnyamata akayamba kukodza magazi, akuluakulu ankangoti wakula. Nawonso anauzidwa choncho, ndipo ananyada. Atakwatira ululu unakula, mpaka anapita kuchipatala cha mishoni. Kumeneko a Petulo, amene ankathandiza adokotala, anawaonetsa m'kabotolo tinkhono tating'ono ngati njere za mapira.

"Likodzo lanulo nyumba yake ndi iyi," anatero a Petulo. "Tinkhonoti timakonda madzi odikha a m'mabango. Kachilombo kamatuluka umu, n'kukulowani pakhungu inu mukusamba."

Mankhwala anamwa, magazi anasiya, koma chikhodzodzo chinali chitaonongeka kale. Mpaka ukalamba wawo, Che Dinala akapita kokataya madzi ankatenga nthawi, atagwira mtengo, mano ali gwa.

Mu 1983 azungu anagulitsa koteji ija kwa munthu wina wamkulu wa chipani. Dzina lake sitinkalitchula nthawi imeneyo, ndipo ine pakamwa panga sipanazolowerebe. Tinkangoti Bwana. Anzawo a Che Dinala ankawauza kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, koma onena mwambiwo ankagona kutali ndi mpanda. Pasanathe miyezi itatu wophika wa pakotejipo anayankha Bwana mokweza mawu, Landirova inabwera, ndipo munthuyo sanaonekenso. Kuyambira tsiku limenelo Che Dinala ankadziwa kuti ntchito, nyumba ndi moyo wawo zili pa ulusi umodzi. Klorini nayenso anayamba kubwera mwa apo ndi apo, ati nkhondo ya ku Mozambiki yatseka njira za katundu.

Komabe Che Dinala ankawakonda ana a Bwana. Analipo atatu, anyamata awiri ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi, Celestina, kamene kankasambira kukamwa kuli yasa, n'kumameza madzi ngati kambuzi.

Chaka chotsatira, mwezi wa Julayi, Bwana analamula kuti dziwe lipakidwe penti watsopano. Madzi anatayidwa, penti anapakidwa, ndipo atangouma injini ya pachitsime inafa. Makaniko anaisuzumira, napukusa mutu, nati chitsulo chake sichipezeka ngakhale ku Limbe. Lachiwiri kunabwera uthenga wakuti Bwana afika Loweruka masana ndi banja lake ndi alendo, ndipo adzapeze dziwe lili lodzaza.

Nkhaniyo inagwera a Uladi, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'mudzimo. A Uladi sanali munthu woipa mtima, koma mantha ankawapatsa changu choposa nzeru zawo. Anatuma ayufi, anyamata a chipani, khomo ndi khomo, ndipo Lachitatu m'mawa amayi oposa makumi asanu anali pamzere, ndowa pamutu. Mwera unali utakwiya sabata imeneyo. Kutsogolo kwa koteji, kumchenga woyera, mafunde ankagwetsa munthu. Choncho amayi anatsikira kumbali, pakagombe kodikha ka m'mabango pomwe kamtsinje ka m'mudzi kamathirira m'nyanja.

Che Dinala ataona kumene mzere ukulowera anathamangira a Uladi.

"A tcheyamani, chonde, asatunge kumabangoko. Madzi amenewo ngoipa."

"Nanga atunge kuti? Mukufuna amayiwa akokoloke ndi mafunde?"

"Tidikire mphepo ileke."

"Bwana mumuuze ndinu kuti adikire mphepo," anatero a Uladi, n'kutembenuka kukakalipira mayi wina amene ndowa yake inali yosadzaza.

Masiku atatu amayi anakwera ndi kutsika, akuimba nyimbo za chipani chifukwa ayufi anali pomwepo. Minda ya m'dimba inauma, usipa unaola pamathandala. Akazi awo a Che Dinala, mayi Mwanamvua, anali pamzere womwewo, ndipo pofika Lachisanu khosi lawo silinkathekanso kucheuka. Dziwe linadzaza. Madzi anali a mtundu wa tiyi, koma pampu ndi sefa zinagwira ntchito yake, ndipo pofika masana anali atayera, penti watsopano akuwala pansi. Klorini yekha ndiye kunalibe. M'chitini munatsala fungo lokha.

Atabwera ku mzikiti tsiku la Ijumaa limenelo, Che Dinala anagwada m'mbali mwa dziwe kuti alawe madzi. Dzanja linaima m'malere. Pakhoma, pansi pang'ono pa madzi, panali kadontho kakuda, ndipo kankayenda. Anakatola. Anayang'ana kutsogolo n'kuona kena, ndi kenanso. Anazungulira dziwe lonse chokwawa, akutolera m'kachitini ka mkaka kaja, koma pobwerera pomwe anayambira anapeza tina tatuluka m'mabowo a mapaipi. 

Anapita nako kachitiniko kwa a Uladi, amene anawapeza akusita malaya a chipani pakhonde.

"Taonani izi. Ana aja akalowa m'madzimo atenga likodzo."

A Uladi anasuzumira, naseka. "Tinkhono timeneti? Che Dinala, ndani wa ife sanakodzepo magazi? Si ife tili pano?"

"Ine ndikudziwa mmene ndimakodzera, a tcheyamani."

Apo a Uladi anaika simbi pansi, nayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Tamverani, achimwene. Mukufuna ndikaime pamaso pa Bwana ndi kumuuza kuti amayi a chipani amutungira matenda? Mawu amenewo atuluke pakamwa pa yani? Likodzo silioneka lero kapena mawa. Lidzaoneka miyezi itapita, ana ali ku Blantyre. Adzadziwa ndani kuti lachokera kuno? Tolani tomwe mwationato, mutaye, mukhale chete."

Zoona zake n'zakuti a Uladi sananame. Palibe akanadziwa, ndipo n'chimene chinawapweteka kwambiri Che Dinala.

Kunyumba anapeza mayi Mwanamvua atagona pamkeka, khosi atalikulunga chitenje chonyowa. Atamva nkhaniyo anadzuka movutikira, natembenuka thupi lonse kuti awayang'ane amuna awo.

"Abambo a Abiba, ndikukupemphani. Ana athu amasamba m'mabango momwemo tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amawalirira. Awo ali ndi madokotala awo kutauni. Ife tili ndi chiyani? Kanyumba aka basi."

"A Abiba ndimawaletsa, samva. Koma awa akalowa, alowa chifukwa ine ndanena kuti madzi ali bwino."

"Ndiye musanene kanthu. Kukhala chete si bodza."

 Che Dinala anali ndi mantha, mantha enieni, ndipo ankadziwa kuti akazi awo sakulakwa.

Loweruka, atachoka ku swala, anapita kudziwe ndi mtima wofuna kumvera akazi awo. Anawola masamba monga mwa masiku onse. Anatola nkhono zimene zinatuluka, nati mwina zatha. Kenaka anagwada pamasitepe a kosaya, pomwe Celestina ankakonda kukhala madzi ali m'chiuno, napisa dzanja kunsi kwa sitepe yoyamba. Zala zinabwera ndi tinkhono tisanu. Anakhala pansi nthawi yaitali akutiyang'ana. Atadzuka anapita kukanyumba ka pampu, nagwira chigudumu cha paipi yotayira madzi ndi manja onse awiri, nati bismillahi, nachipotokola mpaka kumapeto.

Madziwo anatsika ndi ngalande yodutsa kunja kwa mpanda, pafupi ndi pomwe amayi ankatsuka mbale. Amayiwo anaima n'kumayang'ana thukuta lawo la masiku atatu likubwerera kunyanja.  Kenaka mayi wina anakuwa, ndipo matemberero amene anagwa pampanda uja m'Chiyao ndi m'Chichewa sindingawalembe pano. A Uladi anafika akuthamanga, malaya osita aja osamanga mabatani, nayesa kutseka chigudumu, koma Che Dinala anali atachotsa chogwirira n'kuchiponya padenga. Tcheyamani wa nthambi yonse anakhala pakapinga n'kuyamba kulira ngati mwana.

Magalimoto anafika dzuwa lili pamutu. Ana anatsika atavala kale zosambira, nathamangira kuseri, naima m'mbali mwa dzenje lopanda madzi. Bwana anabwera pambuyo, alendo ake ali kumbuyo kwake. Sanakalipe. Anthu oterewa akamakalipa ndiye kuti upulumuka.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine, Bwana." Che Dinala anagwada, nakweza kachitini ndi manja awiri. "Madzi anali ndi nkhono za likodzo, ndipo klorini kulibe. Ana akanadwala."

Bwana anasuzumira m'kachitinimo kamphindi. Wina mwa alendo anatsokomola pobisa kuseka, ndipo ndikhulupirira kuti chifuwa chimenecho n'chimene chinawamangitsa Che Dinala.

"Amayi atunga madzi masiku atatu chifukwa cha chipani, iwe n'kutaya," anatero Bwana. "Wakutuma ndani?"

"Palibe, Bwana."

"Akakufunsa bwino kumene ukupitako."

Anakhala m'ndende chaka ndi miyezi iwiri popanda kuonekera kukhoti. Anafunsidwadi kuti anawatuma ndani, ndipo anabwerako khutu limodzi litagontha. Mayi Mwanamvua ndi ana anatulutsidwa m'kanyumba kaja tsiku lomwelo, nakakhala kwa achimwene awo kumtunda. Kwa nthawi yaitali amayi anzawo sankawapatsa moni pachigayo. Che Dinala atabwera, mayi Mwanamvua anawalandira, nawaphikira, koma za dziwe sanazitchulenso, kuwakhululukira kapena kuwadzudzula. Che Dinala anakhala wosoka maukonde a anthu ena mpaka maso atafooka.

Za kundende sankakonda kukamba. Ukawafunsa ankangogwedeza dzanja, n'kupitiriza kusoka. Chimene ankabwereza, nthawi zina popanda wowafunsa, chinali cha tsiku lomwe anatengedwa. Landirova itatuluka pachipata inakhotera njira ya m'mbali mwa mpanda, iwo ali kumbuyo pakati pa ayufi awiri. Ana a Bwana aja anali atalira kuti akufuna kusamba, ndipo mayi awo anauza wantchito wowalera kuti apite nawo kunyanja, koma apewe mafunde. Wantchitoyo anali wa kumtunda, nyanja sankaidziwa. Anasankha malo abwino odikha.

Che Dinala anawaona anawo pampata wa tenti ya Landirova. Anyamata awiri anali kale m'madzi pakati pa mabango, ndipo Celestina ankalowa pang'onopang'ono atakweza manja, madzi akumufika m'mawondo. Anadzuka, mutu n'kugunda chitsulo cha denga, nakuwa ndi mawu awo onse kuti, "Atulutseni anawo! Osati pamenepo!" Wa yufi wina anawakhazika pansi ndi chibakera. Mphepo inali yamphamvu, ndipo mawu sanafike bwino. Celestina anangomva kuti wina akuitana, nacheuka, naona nkhope ya Che Dinala pagalimoto, ndipo anawabayibitsa ndi manja onse awiri, kenaka n'kukhala pansi m'madzimo.