Chipsera Chinatuluka Tsaya Lina

Dzulo ku Indianapolis ndinaona mayi wina akusonyeza mmene akatswiri akale a ku Ulaya ankagobera chithunzi pathabwa, n'kupaka inki, n'kudinda papepala. Fungo la inkiyo linandibweza m'galaja yathu ku South Bend, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Agogo anali atamwalira ku Malawi. Bambo sakanatha kupita kumaliro chifukwa mapepala awo anali asanatuluke. Asanabwere kuno ankasema zidindo ku Limbe, ndiye anakhala m'galaja yozizirayo masiku atatu akugoba nkhope ya amayi awo pathabwa, akuonera pa kachithunzi kamodzi komwe anali nako.

Atapaka inki n'kuyalapo pepala, anandipatsa supuni. "Uzitikita pang'onopang'ono."

Atamatula pepalalo anayang'anitsitsa nkhopeyo. Chidindo amasema chotembenuza kuti chituluke bwino, koma ndi chisonicho anaiwala. Chipsera cha agogo chinatuluka tsaya lamanja.

"Adadi, si agogo amenewa?"

"Ayi, mwanawe. Amayi anga chinali uku."

Anagwira tsaya lawo lamanzere, ndipo chala chawo chinasiyapo mzere wakuda.