Malilime a m'chitini cha a Orval Tackett

Ine ntchito yanga ndi kutumbula nsomba za anthu padoko la damu lathu, zaka makumi awiri tsopano, ndiye za fungo musandiuze. Matumbo, mamba, mphutsi za m'bini tsiku lotentha, zonsezo ndimadyerapo buledi osatsinzina. Koma zimene anachita alamu anga a Orval Tackett zinandinyansa, moti ndikakumbuka malovu amadzaza m'kamwa.

A Orval ndi akulu awo a malemu amuna anga. Sukulu anaithawa, banja linawathawa, koma nsomba ankazidziwa. Ankanyamula m'boti mwawo anthu a ku Dallas, aja a zipewa zatsopano, n'kukawaonetsa poponya mbedza. Laisensi ya ntchito imeneyi ndiyo inali munda wawo. Ndiyonso inkachititsa kuti anthu aziwapatsa moni, poti china chowalemekezera panalibe.

M'damu muno muli nsomba ziwiri zosokoneza. Pali sandi, yomwe umatenga popanda vuto. Pali haibulidi, imene boma limathiramo, ndipo ikapanda kufika mainchesi 18 uyenera kuibweza m'madzi. Haibulidi yaing'ono ndi sandi, kufanana kwake ngati mapasa. Mizere ya m'mbali imanamiza. Umayenera kuiyasamitsa n'kuona kumbuyo kwa lilime, pali kachigamba ka timano. Kakakhala kamodzi ndi sandi, tikakhala tiwiri ndi haibulidi. Tonse padoko pano anatiphunzitsa ndi a Orval omwewo, uku akutitukwana.

Chaka chatha anawapeza ndi tihaibulidi tinayi. Iwo anati alendo ndiwo anaponya m'bokosi iwo atayang'ana kumbali. Mayi Ketchum, amene boma linawaika kuyang'anira za nsomba kuno, anawauza pamaso pa tonse kuti akadzalakwanso, laisensi yapita.

Ndiye Loweruka lina mu Epulo, dzuwa lili paliwombo, a Orval anakocheza ndi alendo atatu n'kukhuthulira nsomba patebulo panga.

"Vernell, mlamu, changu. Anthuwa ali ndi ulendo. Yamba ndi kudula mitu."

Ndinadabwa. A Orval kufulumira? Munthu amene amatha ola lathunthu akufotokoza nsomba imodzi! Ndinatola yoyamba n'kulowetsa chala m'kamwa monga mwa chizolowezi. Chala chinangoti phwathu m'dzenje la magazi. Lilime munalibe. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatunso. Ina inali ikuphiriphithabe, kukamwa kuli yasa, magazi ali chuchuchu.

"Alamu, malilime ali kuti?"

"Umadya malilime iwe? Tumbula!"

"Mwazidula zili zamoyo?"

Mlendo wina, bambo wachimimba, anayankha mosangalala. "Akuti ndi mwambo wa kuno, mayi, kuti nsomba isawawe m'poto. Tajambula ndithu."

"Mwambo wa kuti? Ine mchombo wanga unagwera kuno, bambo. Akunamizani masanasana."

A Orval anandiponda phazi pansi pa tebulo. "Mlamu, ndiwe mkazi wa mng'ono wanga iwe," ananong'ona. "Dula mituyo, ndakupempha."

Ndinaika mpeni pansi. Asa! Ine ndimapha nsomba, inde, koma ndimaimenya kamodzi pamutu zithe. Zogwira chamoyo n'kuchizula lilime ndi pulayala, kenako n'kuchisiya chizivutika mu ayisi, ayi. Ndinawauza kuti manja anga sakhudzanso zimenezo.

Tili mkati molimbana, galimoto ya mayi Ketchum inaima. Ankangoyendera doko monga amachitira Loweruka lililonse. Anayasamitsa nsomba ziwiri, kenako anavula chipewa.

"A Tackett, malilime?"

"Ndataya m'madzi."

Koma ntchentche sizisunga chinsinsi. Zinali ng'waa pathumba la ovolosi yawo, pomwe panali patanyowa kale. A Orval ndi munthu wosataya ngakhale mbedza yothyoka. Malilimewo anali atawasunga m'chitini cha fodya kuti akakolere milamba. Umbombo wake!

"Tulutsani," anatero mayi Ketchum.

Atatsegula chitinicho, mlendo wachimimba uja anathamangira kumadzi kukasanza. Mayi Ketchum anayala nyuzipepala patebulo panga, n'kuyamba kundandalika timalilimeto kamodzikamodzi, toterera, tosakanikirana ndi nyenyeswa za fodya. Tinakwana 31, ndendende ndi nsomba. Anayang'ana kalikonse bwinobwino, nane ndinasuzumira.

Anapuma mpweya wautali. "A Tackett, zonsezi ndi sandi. Palibe haibulidi ngakhale imodzi. Mukanangobwera nazo momwe zinalili, bwenzi ndikukufunirani tsiku labwino. Koma mwadula nsomba kuti ndisaidziwe, ndipo ndinakuchenjezani. Bweretsani laisensi."

A Orval anaitulutsa m'kachikwama. Alendo aja anakwera galimoto yawo, nsomba osatenga. Mayi Ketchum atamaliza kulemba anapita, tinatsala awiri ndi ntchentche.

Ndinkafuna kuwalalatira a Orval mpaka mawu athe. Ndisanayambe, ndinawaona atatola kalilime kamodzi. Anakafikitsa pamphuno penipeni, anakatalikitsa, anatembenukira kudzuwa, diso lina atatsinzina. Munthu amene anaphunzitsa doko lonse. Apo m'pamene ndinazindikira kuti maso anawathera kalekale, ndipo analolera kuzula malilime 31 kusiyana n'kuuza munthu.

Chisoni chinabwera, sindikana, koma nseru inali pamwamba. Ine ndimakhala pompano tsiku lonse. Kodi kundifunsa kukanawapha?

"Vernell," anatero motsitsa mawu, "kamodzi kapena tiwiri?"

"Kamodzi, alamu. Tonseto kamodzi."

Anagwedeza mutu, kalilimeko kali m'manja. "Ndiye ndikanangozisiya," anatero.