Tsiku limene ndinalondola ana anga ku Southall

Lachisanu madzulo ndikusambitsa Yamikani ndinaona kaulusi koyera pamkono pake, komangidwa mfundo bwinobwino. Ine ndinakulira ku Balaka, ndikudziwa kuti kachingwe ka pamkono wa mwana sikabwera kokha, pali amene wamanga ndipo pali chimene akufuna. Ndinafunsa mkulu wake Tadala, wa zaka zisanu ndi ziwiri, iye n'kuyankha m'Chingerezi monga achitira masiku onse kuti anamanga ndi Anti Sunita. Ndinakadula ndi lezala, kukataya m'bini ya panja, n'kupemphera.

Sunita ndi Mmwenye woyandikana nafe ku Ilford, ndiye amandisungira ana ndikakhala pa shifti kunyumba yosamalira okalamba. Mwana wake Asha ali kalasi imodzi ndi Tadala. Bambo a ana anga adakali ku Lilongwe kudikira mapepala, ndiye Loweruka m'mawa ndinalibe kochitira mwina, ndinawasiyabe kwa Sunita, ndikuti za kaulusi tikamba ndikaweruka.

Koma kuntchito anandibweza, akuti aitana anthu ambiri. Kufika kunyumba cha m'ma teni, chitseko cha Sunita chokiya, foni yozimitsa. Amene anandiona ndikugogoda ndi mayi eni nyumba yathu. Nawonso ndi Amwenye, amakhala m'mwamba ife pansi, ana amawatchula Anti a M'mwamba ndipo Lamlungu masana ankakaonera makatuni kwawo.

"Apita ku Southall," anatero ali pawindo. "Lero ndi tsiku lawo losiya chipembedzo, amalowetsa aliyense. Ndinkafuna kukuuza kalekale, mwana wanga. Anthu amenewo kwathu sitiwakhudza. Chimene agwira chimadetsedwa."

Munthu amene anzake amaopa kumukhudza, womanga ana zingwe, wozimitsa foni! Kwathu munthu wotere dzina lake ndi limodzi lokha. Ndinathamanga ndi yunifomu yomweyo.

Pa siteshoni ya Ilford ndinagunditsa kadi osayang'ana kuti yadya zingati, mawa lake ndi pamene ndinaona kuti inali mapaundi atatu ndi kanthu. Sitima ya Elizabeth inali ndi mipando yambirimbiri yopanda anthu, koma ine chiimire pakhomo, ngati kuti kuimako kuithamangitsa. Tikudutsa Stratford ndiye kuti pemphero langa linatulukira pakamwa, chifukwa bambo wina wa chipewa cha ubweya anandiyang'ana n'kuyankhula Chinyanja cha ku Lusaka.

"Sisi, ni chani? Mupempela monga sitima izagwa."

"Ana anga awatenga. Ku Southall."

"Ku Southall? Ah, kuja bazabadyesa chabe. Muzabapeza bakuta, mimba so." Anaonetsa ndi manja. Ataona kuti sindikuseka anasiya. "Ngati ni zoona, tumani polisi."

Polisi ndinaiganiza, koma ndinaiopa kuposa mfiti. Kuno ukangoimba, pambuyo pake pamabwera a sosho, aboma oona za ana, kudzafunsa kuti ndi mayi wamtundu wanji wosadziwa kumene kuli ana ake, ndipo ana akapita ndi amenewo sabwerako msanga. Ndinati ndikaone kaye ndi maso anga. Bambowo ndiwo anandiuza kuti nditsike pa Paddington, ndisakwere masitepe, ndidikire pomwepo sitima yolembedwa Heathrow. Ambuye awadalitse, dzina sindinawafunse.

Southall ndi London koma si London. Ngakhale dzina la siteshoni analilembanso m'zilembo zawo zokhala ngati zovala zoyanika pa waya. Kunja fungo la mafuta ndi tsabola, nsalu zonyezimira m'mashopu, ng'oma zikulira m'galimoto. Ndinafunsa mnyamata wokazinga tinthu topotanapotana tofiira ngati dzuwa kuti kumene anthu amasiya chipembedzo ndi kuti. Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kundilozera chinyumba chachikulu cha denga lagolide. Ndinatsala pang'ono kupita komweko, koma ndinakumbukira kuti m'mawa Sunita anavala zoyera zokhazokha ndi kansalu ka buluu m'khosi. Tsidya la msewu kunali banja lovala chimodzimodzi, atanyamula mpoto waukulu awiriawiri. Ndinawatsata chapatali ngati wakuba.

Analowa kamsewu ka nyumba wamba, n'kuima pa holo yokhala ngati kale inali shopu, pamwamba pali mbendera ya mitundumitundu. Pakhomo nsapato mbwee. Pakati pa nsapatozo ndinaona tinsapato ta Yamikani toyaka magetsi.

"Nsapato, mayi," anatero mkulu wina wa imvi amene anaima pakhomo.

"Sindivula. Ndikufuna ana anga. Awiri, akuda ngati ine."

Sanakangane nane. Anandizungulitsa kuseri, n'kutsegula kachipinda. Ana anali khumi ndi angapo atakhala pakapeti akujambula ndi makrayoni, Yamikani mpunga m'masaya. Ndinawagwira ana anga onse awiri, kuwavula majuzi, kuyang'ana m'mutu, pachifuwa, kumsana, kufuna mphini. Panalibe ngakhale kachilonda. Tadala anali ndi manyazi okhaokha, akuti ndikumuyalutsa pamaso pa anzake.

Mkulu uja anabwera ndi tiyi wa mkaka wonunkhira jinja. Anati anayendetsa basi kuno zaka zambiri mpaka kupuma, ndiye nkhope ya mayi wotaya mwana amaidziwa. Chitseko cholowera mu holo chinali chotsegula pang'ono. Kutsogolo kunali chifanizo cha Buddha atakhala chopinda miyendo, pambali pake chithunzi cha bambo wa magalasi ndi suti ya buluu. Munthu wometa mpala wa nsalu yachikasu ankanena mawu, ndipo bambo wina, mkazi wake ndi mayi wokalamba, onse ovala zoyera, ankabwereza. Ulusi woyera wautali unkadutsa m'manja mwa anthu onse.

"Ulusi uwo ngwa chiyani?"

"Madalitso basi. Akamaliza amaudula, aliyense amatengako."

"Ana anga mwawalowetsa?"

Anaseka pang'ono. "Mwana salowa, mayi. Wolowa amalankhula ndi pakamwa pake, atakula. Ife tinabadwira m'malo amene sitinasankhe, ndiye sitingasankhire mwana wa mwini."

Chingerezi changa ndi cha Sitandade 8, koma anayankhula pang'onopang'ono ndipo ndinamva. Kwawo ku India munthu amabadwa ali kale pamzere, ena pamwamba, ena pansi, ndipo pali ena kunja kwa mzere, otchedwa Dalit. Iwowo ndiwo ankakoka ng'ombe zakufa ndi kuyeretsa zimbudzi, mwana ntchito ya bambo wake, mdzukulu yomweyonso. Mkuluyo ali pasukulu aphunzitsi sankamupatsira kope m'manja, ankaliponya pansi kuti atole. Bambo wa suti ya buluu uja anali mmodzi wa iwo, anaphunzira malamulo mpaka kunja, kenaka anawauza kuti chipembedzo chimene chikuti munabadwa odetsedwa tulukanimo, ndipo anthu osawerengeka anamutsata n'kukhala Abuda.

"Nanga kuno ku London?" ndinafunsa.

"Zinakwera nafe ndege. Munthu amakufunsa mokoma dzina la bambo ako ndi mudzi wakwanu. Mawa lake sadyanso nawe."

Ndinakumbukira ku Balaka. Mayi anga atadwala matenda aja, kale mankhwala asanabwere, kunali makomo amene ankawapatsa madzi m'kapu yosweka ya kuseri. Sanali mfiti. Anali mayi anga.

Mwambo utatha Sunita anatuluka, n'kundiona, nkhope n'kugwa.

"Sisi, chachitika n'chiyani?"

"Inu, mwanditengera ana mpaka kuno osandiuza? Foni mwazimitsa? Mukudziwa zimene ndaganiza m'sitima muja?"

"Muno timazimitsa tonse. Pepani." Anayang'ana pansi. "Ndinaopa kukuuzani. Ndikatchula kumene ndimapemphera anthu amadziwa kuti ndine ndani. Ana amene ndinkasunga kale, makolo awo atadziwa anawachotsa sabata yomweyo."

"Ine ndine wa Yesu, ana anganso a Yesu. Chingwe ayi, kaya ndi cha madalitso. Ndipo kulikonse mukupita nawo ndizidziwa."

"Ndamva, sisi."

Nsapato ndinavula. Tinadya titandanda pansi mzere umodzi, mpunga ndi nyemba zachikasu zophwanyika ngati chipere, tsabola wake wotulutsa misozi. Mayi wokalamba amene analowa chipembedzocho tsikulo ankalira uku akudya, koma kulira kwake sikunali kwa tsabola.

Pobwerera tinakwera tonse cha m'ma folo, sitima yopita molunjika ku Ilford. Yamikani anagona pamiyendo panga. Tikuyandikira Ealing, Asha anatulutsa maswiti m'thumba n'kupatsa Tadala. Mwana wanga anakoka mkono wa juzi, kuphimba zala, n'kulandira ndi nsaluyo.

"Tada, n'chiyani chimenecho?"

Anayankha mosabisa, ngati akunena za homuweki. Akuti Anti a M'mwamba anamuphunzitsa kuti Asha ndi mnzake inde, koma asamamugwire dzanja, ndipo akamugwira azisamba asanalowe kwawo. Anamugulira ndi sopo wakewake wa pinki. Asha anali atatembenukira kuwindo. Sunita anamva, koma sanatukule mutu, ngati munthu wozolowera.

Ndinawoloka London yonse kuthamangira kaulusi kamene lezala linadula kamodzi, pamene chinthu chenicheni ankamuthira mwana wanga Lamlungu lililonse pamwamba pa mutu wanga, ine ndikuthokoza.

Ndinatambasula dzanja. "Asha, nanga ine sundipatsako?" Anandiika switi m'manja, ndinadya Tadala akuona. Kenaka ndinamuuza m'Chichewa, kuti amve kuti si zocheza: "Pinda juziyo. Gwira dzanja la mnzako. Usalisiye mpaka kunyumba."

Anagwirana kuchokera pamenepo mpaka Ilford, kutsika, kudutsa pageti, kulowa mumsewu mwathu. Anti a M'mwamba anali pawindo. Ndinaima pansi pake ndi yunifomu yanga, ndikudziwa kuti denga limene tinkagonamo linali lawo.

"Mayi, zikomo pondisungira ana. Kuyambira mawa sakweranso."

Lamlungu ndinapita nawo kutchalitchi ku Peckham, ndinaimirira pa nthawi ya zolengeza n'kupempha amayi kuti andifunire chipinda. Chinapezeka ku Ilford komweko, chaching'ono, chozizira, kufupi ndi njanji. Mwezi usanathe tinasamuka. Ndikakhala pa shifti ana amakhala kwa Sunita, ndipo foni yake imakhala yoyatsa.