Kamakina ka M'chikhoti cha Jumakadyr

Jumakadyr ndi mlamu wanga, ndipo sindinamukondepo. Chikulireni chake kumapiri kuno ku At-Bashy, ntchito yake ndi mfuti ndi pakamwa. Kuwombera ankatha, izo sindikana: mbuzi za m'mapiri ankazigwetsa ndi mfuti yakale ya bambo ake, mphepo akuiyeza ndi chala chonyowetsa malovu. Koma akapha imodzi, mudzi wonse unkamva kuti zinali zitatu.

Atakwana zaka makumi asanu, maso anayamba kumuvuta. Mlenje wina wakunja amene ankamuperekeza anamusiyira mfuti ya galasi loonera patali ndi kamakina konga foni. Kamayeza mphepo ndi kuzizira kwa mpweya, ndipo ukakauza mtunda, kamakuuza mmene ukwezere galasi. Ine ndinali wogwira akavalo paulendowo, ndipo ndinamva mlendoyo akuchenjeza kuti kazikhala kaye panja mpaka kazizire ngati mpweyawo, apo ayi kanama. Nthawi imeneyo Jumakadyr anali kalikiliki kudzijambulitsa.

Nyengo yonse yotentha ankaphunzira kuwombera pa zitini, ndipo zinkagwa.

"Sagynbek, bwera udzaone sukulu!" ankandikuwira. "Iwe masamu ako ndi ndowe za akavalo basi."

Chisanu chitalowa, mmbulu unayamba kugwira ziweto. Ine ndinali ndi ana a akavalo anayi, chuma changa chonse. Tinakwera phiri amuna asanu ndi mmodzi, nkuupeza uli chiimire pamtunda, mamita mazana asanu ndi awiri. Jumakadyr anapisa m'chikhoti, pachifuwa pamene tonsefe timasunga zamtengo, natulutsa kamakina kali fundee. Kanawerenga kutentha kwa thupi lake, pamene kunja ndevu zinali gwa ndi chisanu. Ndinaona, ndinadziwa, ndinatseka pakamwa. Ndinkafuna aphonye anthu akuona.

Mumpweya wozizira chipolopolo chimagwa msanga. Kamakina kanamuuza kukweza galasi pang'ono chabe, ndipo atawombera chipolopolo chinatsika nkuphwanya mwendo wakutsogolo, mmbulu nkuthawa ukutsimphina. Anthu anaseka, ine kuposa onse.

"Mlamu, kafunseni kamakinako ngati kali ndi mawu ena!" ndinakuwa.

Koma mmbulu wopunduka sungathamangitse mbuzi za m'mapiri. Unatsikira kumakola, ndipo khola lomalizira kumtunda kwa chigwa ndi langa. Pakutha milungu itatu unali utandidyera ana a akavalo atatu. Ndinameza manyazi nkupita kwa Jumakadyr, amene chichokereni kuphiri kuja anali asanagwirenso mfuti.

"Mlamu, kamakina kaja sikolakwa. Muzikatulutsa m'chikhoti kazizire kaye. Tiyeni mawa tikayesenso."

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Mlendo uja ananena."

"Ndiye tsiku lija unkadziwa?"

Mlongo wanga, mkazi wake, anaima ndi ketulo m'manja, osathira tiyi.

"Atsala angati ana a akavalo ako?" anafunsa Jumakadyr.

"Mmodzi."

"Kamutetezeni ndi nzeru zanuzo, aphunzitsi," anatero, nanditsegulira chitseko.