Lamba Amene Ndinamusiya Pansi pa Bedi

Achimwene anga sakuyenda lero chifukwa cha ine. Palibe amene anandiimba mlandu, ngakhale alamu anga sanandilozepo chala, koma ine ndikudziwa zimene manja angawa anachita. Inu owerenga, makamaka anzanga amene muli kunja ndipo mumatumiza katundu kumudzi, tandimverani kaye. Ndikufotokozerani momwe zinakhalira, osadzikometsera.

Ndimagwira ntchito yaulonda kuno ku Doha, pageti la nyumba za anthu olemera ku Al Duhail. Ndimagona ku Al Mansoura, m'chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, mabedi osanjikiza. Anthu ochuluka chonchi, koma sabata imatha osamva munthu akukutchula dzina. Wina akamabwera wina akupita, ndipo amene alipo wafunda kumutu, ali pafoni. Ntchito yanga ndi kukweza mpiringidzo galimoto ikamalowa n'kuutsitsa ikadutsa, maola khumi ndi awiri patsiku. Magalasi a magalimotowo ndi akuda, moti ngakhale amene ndimamuchitira sawatchayo sindimudziwa nkhope.

Kwathu ndi ku Ntcheu, cha kumapiri. Bambo anamwalira ndili wamng'ono, ndipo achimwene ndiwo anandilera. Fizi yanga yonse inachokera m'munda wawo wa nyemba. Ndi munthu wabwino, koma mawu amachita kuwerenga. Ndikawaimbira foni, nkhani inali yakuti mwadzuka bwanji, mvula ikugwa, ana ali bwino, basi. Mphindi ziwiri zatha. Ndinkadula foni ndili wosungulumwa kuposa poyamba.

Nkhani imodzi yokha ndiyo inkawatsegula pakamwa: agwape. Munda wawo unachita malire ndi mitengo ya bulugamu yomwe bambo anadzala, ndipo agwape amatsika m'phiri kudzadya nsonga za nyemba. Achimwene ali ndi mfuti yomwe bambo anasiya, chiphaso chake chilipo, koma ankadandaula kuti akabisala pansi gwape amamva fungo lawo asanafike n'komwe. Anamangapo nsanja kawiri. Yoyamba inadyedwa ndi chiswe, yachiwiri anthu anaiphwasula n'kukasonkhera moto.

Tsiku lina pa nthawi yopuma ndinaona vidiyo ya mzungu akusaka nyama kwawo. Anabereka kumsana kampando kachitsulo ka zigawo ziwiri, china chokhalapo, china chopondapo. Chigawo chilichonse chinali ndi chingwe chozunguliza thunthu ndi mano oluma khungwa. Amati akakweza chokhalira, n'kuchitsamira, n'kukoka chopondera ndi mapazi, pang'onopang'ono mpaka anafika pamwamba n'kukhala phee. Nyama inadutsa pansi pake osadziwa kanthu. Ndinawatumizira achimwene vidiyoyo mongoseka. Madzulo ake anandiimbira okha, koyamba chifikireni ine kuno, ndipo tinacheza mpaka foni yanga inatentha.

Ndinawalonjeza kuti mpandowo ndiwagulira. Iwo anapempha zinthu ziwiri zokha. Ukhale wopepuka, chifukwa kumundako n'kokwera ndipo adzakhala atanyamulanso mfuti. Ukhalenso wosachita phokoso. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino.

"Gwape amamva ngakhale ukameza malovu, mphwanga. Usandigulire belu."

Kusankha mpandowo kunanditengera miyezi itatu. Ine amene sindinaphepo ngakhale njiwa ndinasanduka katswiri wa zosaka. Ndinadziwa kuti wachitsulo wamba ndi wotsika mtengo koma ndi wolemera, ndipo umalira kwi kwi munthu akasuntha. Ndinadziwa kuti wa aluminiyamu ndiwo wopepuka, kuti wa tcheni umasokosera, koma wa chingwe chokutidwa ndi labala ndi wachete. Ngakhale pokhalira ndinasankha paukonde, chifukwa nsalu ya lona imachita khwaya khwaya. Chilichonse ndinkawatumizira chithunzi, iwo n'kumakana kapena kuvomera, tikumatsutsana ngati tili pakhonde kumudzi. Ndinene chilungamo, ndikanatha kusankha m'sabata imodzi. Ndinkazengereza dala, poopa kuti ndikagula nkhani itha, tibwerera ku mphindi ziwiri zija.

Mpando utafika ndinafuna kuuyesa. Koma kuno mtengo ungaupeze kuti, kupatula kanjedza? Lachisanu masana, eni nyumba atapita kumzikiti, ndinapita ndi mpandowo kuseri kumene kuli kanjedza wamtali. M'katoni munalinso lamba wodzimangira m'chifuwa ndi m'ntchafu, wokhala ndi chingwe chomangirira kumtengo kuti munthu akaterereka asafike pansi. Ndinamuvala. Tizitsulo take tinayamba kulira ngwelengwele ngati mbuzi yovala belu. Ndinakumbukira mawu a achimwene, ndipo ndinamuvula n'kumuponya pa kapinga.

Ndinakwera chomwecho. Thunthu la kanjedza ndi lokhakhala ngati chinanazi, ndiye mano a mpando aja anagwira kuti gwa. Ndinadumphadumpha pamwambapo, mpando osasuntha, osalira ngakhale pang'ono. Bambo wina wa ku Nepal amene amasamalira maluwa pamenepo anatola lamba uja n'kundilozera, akupukusa mutu. Ine ndinangomuseka n'kumuyankha kuti "mafi mushkila," ndiye kuti palibe vuto m'chilankhulo cha kuno. Ndinamupatsanso foni kuti andijambule ndili m'mwamba, manja ndili tambasu. Chithunzi chimenecho ndicho achimwene anaona: mng'ono wawo ali pamwamba pa mtengo, wopanda chomumanga.

Amene munakhalapo kunja mukudziwa mwambo wathu. Mnzathu akamapita kumudzi kutchuthi, amanyamula katundu wa chipinda chonse, ndipo aliyense amagawiridwa makilo ake. Pamakhala kasikelo ka m'manja kopachikira zikwama, ndipo chimene kasikeloko kanena palibe wotsutsa. Chaka chimenecho amene ankapita anali Filimoni, mnzanga wa bedi lapamwamba, dalaivala wa basi ya ogwira ntchito kuhotelo. Anandipatsa makilo asanu ndi atatu. Mpando wokha unali makilo asanu ndi awiri. Lamba anali kilo imodzi ndi theka. Ndinalinso ndi nsapato ndi botolo la perefyumu za mtsikana wina amene ndinkamufuna ku Balaka, zonse pamodzi kilo imodzi. Filimoni anapachika zonse pa kasikelo, n'kuyang'ana manambala.

"Ase, eight kilos ndi eight kilos, khalas, basi. Overweight sindilipira ine. Yalla, fulumira, chotsapo china."

Inu owerenga, sindinaganize ngakhale mphindi imodzi yathunthu. Ndinadziuza kuti achimwene akhala akukwera mitengo ya mango chiyambire ali mwana. Ndinadziuza kuti anapempha chopepuka ndi chachete, ndipo lambayu ndi wolemera komanso waphokoso, choncho ndikuwachitira zimene akufuna. Pansi pa zifukwa zonsezi panali chifukwa chenicheni, chakuti ndinkafuna mtsikana uja anunkhire za ku Doha. Lamba ndinamukankhira pansi pa bedi pamodzi ndi kabuku ka malangizo. Kabukuko sindinakatsegule n'komwe. Ndinati n'kachingerezi, achimwene akachita nako chiyani, ndipo ine ndaona kale mavidiyo okwanira.

Katundu atafika kumudzi, achimwene anasangalala ngati mwana. Alamu anandiuza kuti tsiku loyamba anayenda nawo mpandowo kumsana pabwalo ponse, akuuza aliyense kuti wachokera kwa mng'ono wawo. Kenaka anandiimbira n'kundifunsa ngati zipangizo zake zonse zinali zimenezo, ngati panalibe chotsala. Mpata unalipo pamenepo. Ndinawayankha kuti zonse zakwana.

Anaugwiritsa ntchito kangapo pa mtengo wa msuku, ndipo zinayenda bwino. Koma agwape anasintha njira n'kuyamba kulowera kumene kuli bulugamu. M'mawa wina wa mu Januwale, mvula itagwa dzulo lake, achimwene anakwera bulugamu wamtali wa pangodya ya munda. Nonse mukudziwa mmene khungwa la bulugamu lilili, loterera ndipo limasendeka lokha. Atafika pamwamba anatembenuka kuti akoke mfuti, khungwa linasendeka pamodzi ndi mano a chopondera chija, ndipo panalibe china chowagwira. Anagwa chagada pa chitsa. Anagona pamenepo mpaka dzuwa kufika paliwombo, pamene alamu anawatsatira ataona kuti sakubwera.

Ine nthawi imeneyo ndinali pageti, ndikuchitira sawatcha magalasi akuda. Foni timasiya m'dirowa tikakhala pantchito. Nditaitsegula ndinapeza alamu aimba kambirimbiri. Kuchipatala chachikulu madokotala ananena kuti msana wathyoka cha m'chiuno, moyo apulumuka koma miyendo ndiye ayi. Ndinapempha tchuthi, abwana anandiuza mwaulemu kuti tchuthi chadzidzidzi chimaperekedwa pa maliro, ndipo changa chinali chisanakwane. Ndinabwerera pageti n'kupitiriza kukweza mpiringidzo, misozi ikuuma yokha ndi kutentha.

Nditafika kuchipinda ndinagwada n'kutulutsa lamba uja, ali fumbi lokhalokha. Ndinatsegula kabuku kaja koyamba. Sipanafunikenso Chingerezi. Patsamba loyamba panali chithunzi cha munthu atavala lamba, atamangirira kumtengo. Patsamba lachitatu panali chithunzi cha mtengo wa khungwa losalala, losendeka, atachidula ndi mzere wofiira. Amati safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa mbale wanga.

Miyezi isanu ndinakhala ndi chinsinsi chimenechi ndekha. Filimoni anali atasamukira ku Al Muntazah, ndipo za lamba sindikhulupirira kuti ankazikumbukira. Kumudzi anthu ankanena zawo. Ena ankati ndi tsoka, ena ankati alipo anachitira nsanje mpando wa kunja, mpaka dzina la munthu wosalakwa linayamba kutchulidwa. Achimwene okha ankadziimba mlandu, amvekere anakwera mopupuluma. Choipitsitsa n'chakuti ankandipepesa ine, kuti awononga mphatso yodula. Ndinayamba kuopa foni yawo, ine amene ndinazengereza miyezi itatu kuti ndizingomva mawu awo. Ikalira ndinkaiyang'ana mpaka isiye. Sindinakhalepo ndekha chotero chibadwire, kugona pamwamba pa chinthu chimene chikanawapulumutsa, anthu asanu ali m'chipinda momwemo koma wopanda womuuza.

Tsiku lina alamu ananditumizira uthenga wakuti achimwene akufunsa ngati ndinawakwiyira. Pamenepo ndinalephera kupirira. Kulimba mtima kowaimbira ndinalibe, ndiye ndinajambula mawu. Ndinanena zonse: za lamba, za kasikelo, za nsapato ndi perefyumu, za kabuku, ndi za bodza lija lakuti zonse zakwana. Foni inaonetsa kuti amvera tsiku lomwelo. Yankho silinabwere. Tsiku linadutsa, lachiwiri, mpaka sabata. Ndinavomereza mumtima kuti mbale ndinalibenso, ndipo sindikanawadandaula.

Tsiku lachisanu ndi chinayi uthenga unafika, waufupi monga mwa chikhalidwe chawo. Ndinaumvera nditaima kuseri kwa kanyumba ka alonda.

"Ndamva, mphwanga. Zinandipweteka, sindikunamiza. Koma lambayo usataye. Alamu ako amandimanga ndi chitenje panjinga yamoto tikamapita kuchipatala, ndiye chimamasuka m'mabampu. Ukamabwera ubwere naye."

Ndinakhala pansi pa simenti yotentha ija n'kulira ngati mwana. Akanandilalatira bwenzi zitandipepukira.

Inu owerenga, madzi akatayika saoleka, ndipo ine sindikulemba izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungokupemphani. Mukamagulira mbale wanu chipangizo chimene iye sanachionepo, kumbukirani kuti inuyo ndinu maso ake. Chimene mwachotsa m'katoni iye sadzadziwa kuti chinalipo. Musayese chinthu pa kanjedza wa kuno n'kuganiza kuti mwayesa pa bulugamu wa kwanu. Tsegulani kabuku ngakhale chilankhulo chikukuvutani, zithunzi zokha zimalankhula. Ndipo amene mukufuna mpando wokwerera mumtengo, funani wopepuka, funani wachete, zonsezo n'zabwino, koma osakwera ngakhale mkono umodzi musanadzimange. Tizitsulo tikamalira, tikulungeni ndi kansanza. Gwape akathawa lero adzabweranso mawa.

Mtsikana uja anakwatiwa ndi wina, ndipo botolo lija ndikhulupirira linatha kalekale. Achimwene amandiimbira Lamlungu lililonse tsopano, koma za agwape sitikambanso. Nyemba chaka chino alima alamu okha, theka la munda. Tchuthi changa chikwana miyezi inayi ikubwerayi. Chikwama ndinagula kale, ndipo muli chinthu chimodzi chokha. Dzulo ndinabwereka kasikelo kaja n'kupachika. Kilo imodzi ndi theka, inu owerenga. Ndinanyamula ndi chala chimodzi.