Mwala woyera wa a Alufandika

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinakwera phiri koyamba. Kwathu ndi kwa Mbenje, kufupi ndi mtsinje wa Shire, kumene dziko linayalidwa ngati mphasa, ndipo nthaka yake ndi matope amene madzi osefukira amasiya chaka ndi chaka. Kumeneko munthu amatha kulima tsiku lonse khasu lake osagunda mwala. Ngakhale mafuwa a mayi anga anali a njerwa zosweka. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa popanda kuzidziwa, zimene ndinachita sizingamveke.

Azakhali anga, a Joana, anakwatiwa kumapiri a kumadzulo kwa Nsanje, m'mudzi umene anthu amangoutchula kuti pa Malinga. Pa tchuthi cha nyengo yachisanu anatsika kudzatenga milamba youma, ndipo pobwerera ananditenga kuti ndikaone kwawo. Tinanyamuka m'mawa, tinafika dzuwa litapendeka, miyendo yanga ikunjenjemera chifukwa inali isanadziwepo chitunda.

Mudziwo ndi wakale kwambiri. Akuluakulu amati makolo awo anathawirako nthawi ya nkhondo zogwira akapolo, ndipo ena amati anapezako kale anthu. Malinga amene anaupatsa dzina ndi a miyala yosanjikizidwa popanda dothi, ofika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Nyumba zina zinatsamira matanthwe. Kunali ng'anjo yakugwa imene akale ankasungunuliramo chitsulo, komanso maenje osalala pathanthwe pamene amayi a mibadwo yambiri anaperapo mapira. Alendo ankabwera kudzaona zimenezi: ana asukulu, ansembe, nthawi zina azungu onyamula makamera. Akatha kuzungulira malinga ankakasamba kumathithi, olimba miyendo n'kukwera mpaka pansonga pa phiri.

Wondionetsa zonsezi anali msuweni wanga Malita, wondiposa ndi zaka ziwiri. Ankanditchula kuti “wakumadzi”, ndipo ankaseka Chisena chimene chinkandipulumuka polankhula. Ine ndinkamubwezera pomukumbutsa kuti ndinali woyamba m'kalasi mwathu. Ndinkakhulupirira kuti ndikudziwa zambiri kuposa anthu a m'mudzimo, ndipo sindinkabisa.

Tsiku lachitatu azakhali anati tikwere pansonga. Pamene njira ya kuphiri imayambira pali thanthwe lathyathyathya lokhala ndi kadzenje konga lichero. Azakhali anapisa dzanja mumng'alu wa pambali, anatulutsamo mwala wakuda n'kuuika m'kadzenjemo. Malita anatulutsa wofiirira.

“Tola wako uike,” anatero azakhali.

“Chifukwa chiyani?”

“Phiri lidziwe kuti wabwera.”

Ndinatola mwala wamba pansi n'kuuika. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti imeneyi ndi nsembe ya mizimu, zinthu za anthu osapita kusukulu, choncho sindinafunsenso. Chimene chinandigwira maso chinali mwala umene tinaupeza uli kale m'kadzenjemo. Unali woyera mbuu, waukulu ngati dzira la nkhuku, ndipo dzuwa likauwomba unkanyezimira ngati mchere. Chibadwire ndinali ndisanaonepo chinthu chokongola chotero chili pamtetete popanda wochilondera.

Za pansonga ndimazikumbukira mpaka lero. Mphepo inali yozizira moti mano ankagundana. Chigwa chonse chinali pansi pa mapazi athu: Shire, amene kwathu tinkamuopa, ankaoneka ngati ulusi wotayidwa pansi, dambo la Ndindi linkang'anima, ndipo kutsidya kunaima phiri la Morumbala ku Mozambiki. Ndinafunafuna mudzi wathu koma sindinaupeze. Malita analoza kautsi kena kutali n'kunena kuti, “Mayi ako ndi awo, akupsereza nsomba.” Pambali pathu panali mulu wa miyala ing'onoing'ono yamitundumitundu, koma sindinausamale. Tinadya mbatata yootcha, kenako azakhali anayang'ana kum'mawa, anaona mtambo ukukwawa, ndipo anati titsike.

Titafika pathanthwe lija, azakhali ndi Malita anachotsa miyala yawo n'kuibwezera mumng'alu. Ine ndinatsalira ngati ndikuzula minga kuphazi. Ndinachotsa mwala wanga, kenako ndinatenganso woyera uja n'kuumanga pansonga ya chitenje. Maganizo anga anali olongosoka ndithu, monga mwa mwana: mizimu ili ndi phiri lonse la miyala, ife kwathu tilibe ngakhale umodzi, ndipo anzanga akusukulu adzauona.

Chiperoni chinafika masana dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Nkhungu inatsika mpaka nyumba yoyandikana nayo inasowa, ndipo kamvula kosalekeza kanayamba kuwaza. Tinali m'khitchini tikusenda nandolo pamene azakhali anauza Malita kuti athamangire kuthanthwe, popeza sabata imeneyo inali ya banja lawo yoyang'anira miyala ija. Anabwerera atanyowa.

“Mulibe mwala. Onse atsika.”

“Wadziwa bwanji kuti onse atsika?” ndinafunsa.

“Iwe wakumadzi, kusukulu kwanuko amakuphunzitsani chiyani? Wokwera amaika mwala wake, wotsika amachotsa. Ukatsala mwala, watsala munthu.”

Ndinapitiriza kusenda nandolo. Ndiyenera kunena zoona: sindinaulule nthawi yomweyo. Ndinaganiza zokaubweza mobisa, koma m'nkhungu imeneyo sindikanaipeza njira. Ndinaganizanso kuti mwina mwini wake anatsika kale, ndipo nkhaniyi itha yokha. Kenako ndinafunsa kuti mwala woyera uja ndi wa yani.

“Wa a Alufandika, a njuchi aja,” anayankha Malita. “Amakhala okha kumapeto kwa mudzi. Bwanji?”

Mawu akuti “okha” ndi amene ananditsegula pakamwa. Munthuyo analibe mkazi kapena mwana woti angadabwe kuti sanabwere. Amene akanamunenera anali mwala uja basi, ndipo unali pachitenje changa. Ndinamasula mfundo n'kuuika pansi pakati pa makoko a nandolo.

Azakhali sanakalipe. Anauyang'ana mwalawo, anandiyang'ana ine, n'kutuluka akuitana amuna awo. Posakhalitsa lipenga la nyanga linalira, ndipo amuna anayi analowa m'nkhungu atanyamula chingwe ndi bulangete. Malita ankalira, chifukwa ndi iye amene ananena kuti onse atsika. Ine ndinakhala pakhomo ndikumvetsera lipengalo likunka likuchepa m'phirimo.

Amunawo anawapeza a Alufandika pafupi ndi ming'oma yawo ya njuchi, atakhala pansi pa thanthwe lotsetsereka. Sanavulale. Lamulo la phirilo ndi lakuti nkhungu ikakupeza ukhale pomwepo, usayende, udikire lipenga, chifukwa kumbali ina kuli phompho. Iwo anatsatira lamulolo. Anali nkhalamba ya maso ofooka, atavala malaya opyapyala, ndipo moto wawo wofukizira njuchi unali utazima ndi mvula. Anafika nawo kumudzi kusanade, akunjenjemera thupi lonse.

M'mawa mwake azakhali anapita nane kwa a Alufandika. Tinawapeza akuwothera dzuwa atafunda bulangete lija, akutsokomola. Ndinagwada n'kupereka mwalawo ndi manja awiri.

“Ndiye ndiwe unandimanga pachitenje dzulo?” anatero. “Ndinalemera?”

“Pepani, agogo. Ndimayesa ndi mwala chabe.”

“Wa kuti mwanayu, a Joana?”

“Wa alongo anga, kwa Mbenje.”

“Oo, kumatope! Akanakhala wa konkuno ndikanathyola mkwapulo. Koma wochokera kumene ngakhale galu amamugenda ndi chibuluma, ndimuimba mlandu wanji?” Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Atapuma anapitiriza, mawu atatsika. “Ukudziwa, mwanawe, ine dzulo sindinaope. Ndinkadziwa kuti mwala wanga ulipo, ndiye anthu akubwera. Ndinkangodabwa kuti achedweranji.”

Mkwapulo ukanandipweteka pang'ono poyerekeza ndi mawu amenewo. Nthawi yonse imene ine ndinkasenda nandolo, iwo anali chikhalire m'chisanu, mtima uli m'malo, akudalira chinthu chimene ine ndinali nditachotsa.

Chilango anachisankha okha. Masiku onse otsala a tchuthi ndinkapita ndi Malita kuthanthwe madzulo aliwonse, ndipo ndinayenera kuloweza mwini wa mwala uliwonse wa mumng'alu muja. Wabulawuni wokhala ndi mzere unali wa mayi wodula nsungwi. Wathyathyathya unali wa mlenje wina wachibwibwi. Alendo ankatola miyala wamba, ndipo wowaperekeza ankaika wake pambali pake. Chilangocho ndinachikonda kuposa mathithi. Malita anandikhululukira patapita masiku atatu, nditamuchapira zovala zake zonse.

Tsiku lotsanzika a Alufandika anandipatsa chisa cha uchi m'tsamba la nthochi, ndiponso kamwala kobiriwira kochokera kumtsinje. Ndinathokoza m'Chisena, “Takhuta,” ndipo ndinayamba kukamanga pachitenje.

“Iyayi,” anatero. “Kaike mumng'alu. Mwala wa munthu suchoka pano. Udzaupeza ukadzabwera.”

Motero ndinabwerera kwa Mbenje wopanda mwala, koma ndili ndi malo pa Malinga.

Zaka zambiri zadutsa. Ndinaphunzira mpaka ku yunivesite, ndipo ndayenda m'malo ochuluka monga mlendo wodzaona. Ndazindikira kuti kulakwa kwanga sikunali kuba kokha. Ndinaona mwambo umene sindinaumvetse, ndinaupatsa dzina lakuti zamizimu, ndipo nditaupatsa dzinalo ndinaganiza kuti ndamaliza kuudziwa. Mlendo amaona kukongola kwa chinthu msanga, koma ntchito yake amaiona mochedwa, ngati waiona n'komwe. Malinga, ng'anjo ndi thanthwe lija sizinaikidwe kuti zisangalatse maso athu. Ndi njira zimene anthu anapeza zosungirana moyo pamalo ovuta. Azakhali ananena zoona kuti phiri lidziwe. Ine ndi amene sindinafunse kuti phirilo limadziwa kudzera mwa yani.

Chaka chatha ndinabwererako ndi mwana wanga wamkazi. Masiku ano mafoni amagwira mbali zina za phirilo, koma miyala ikuikidwabe, chifukwa mwala sutha moto. Malita, amene tsopano ali ndi zidzukulu, anapisa dzanja mumng'alu n'kunditulutsira kamwala kanga kobiriwira. Pansonga anandifotokozera za mulu uja ndinaunyalanyaza ndili mwana: munthu wa m'mudzimo akamwalira, abale ake amakweza mwala wake n'kuusiya pamenepo, popeza sadzatsikanso.

Woyera uja unali pamwamba pa muluwo, ukunyezimira monga kale. Mwana wanga, wokulira m'tauni, anauona ndipo anatambasula dzanja.

“Dikira,” ndinamuuza. “Yamba wafunsa azakhali ako a Malita kuti ndi wa yani.”