Kasitima ka Atate

Zikwama za chitenge zimene ndimasoka zitasankhidwa kupita ku chionetsero cha ntchito zamanja ku Ulaya, atate anandipatsa kasitima kamene anapanga ndi waya ndi zitini. Iwo anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, ndipo maso anali atayamba kuwavuta. Mawilo anali okhota, penti itadonthera pamawindo.

"Ukakaike pambali pa zikwama zako," anatero. "Nakonso kaoneko dziko."

Nditafika n'kuona matebulo a anzanga odzaza mbiya zonyezimira, manyazi anandigwira. Kasitima kanatsala m'sutikesi ku hotela, nditakakulunga ndi siketi, mpaka chionetsero chinatha.

Nditabwerera ku Kabwe, atate anandifunsa ndisanavule n'komwe nsapato. "Azungu anati chiyani?"

"Anakakonda kwambiri, atate. Anapempha kuti katsale komweko."

Bodzalo linatuluka mosavuta ngati moni. Anaseka n'kupukuta m'maso, ndipo pofika Lamulungu mpingo wonse unali utamva.

Atate anamwalira mvula isanagwe. Pamaliro, mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti bambo awa sanakwerepo ndege, koma sitima yawo ili ku Ulaya. Anthu anavomereza, amayi n'kundifinya dzanja monyadira. Ine ndinangowerama, anthu n'kumayesa kuti ndi chisoni chokha.

Kasitimako kali pansi pa bedi langa ku komboni ya Ngungu, ku Kabwe komweko. Siketi ija ndinaichotsa. Posesa ndimakakankha pang'ono ndi tsache, ndipo mawilo okhota aja amayenda bwinobwino.